Ntchito ya thangata pa intaneti: mmene mungadzitetezere kwa makasitomala ofuna kukudyerani masuku pamutu

Mawu oti kuthangata anali abwino pachiyambi, chifukwa ankanena za kuthandizana kwa anthu a mudzi umodzi pa ntchito ya kumunda kapena yomanga nyumba. Anadzaipa pamene eni maesiteti a m'madera a Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje anayamba kugwiritsa anthu ntchito popanda malipiro ponena kuti ndiyo lendi ya malo amene akukhalapo, ndipo nkhanza imeneyi inali m'gulu la zinthu zimene zinautsa mkwiyo wa John Chilembwe ndi anthu ake mu Januwale 1915. Ntchito ya thangata ya m'maesiteti inathetsedwa mu 1962. Ndakumbutsa mbiriyi chifukwa ntchito imene achinyamata a muno mu Mzuzu ayamba kuifunafuna pa intaneti, yodziwika ndi dzina loti virtual assistant, ndi yothangata ndithu, ndipo pali makasitomala ena amene amafuna kuti chithandizocho achilandire osatulutsa ngakhale tambala.

Wogwira ntchitoyi amayankha maimelo a kasitomala wake, amakonza ndondomeko ya misonkhano, amalowetsa mayina ndi manambala mu Excel kapena Google Sheets, amaika zithunzi ndi mauthenga pa Facebook ndi Instagram, ndipo nthawi zina amasungitsira bwanayo malo m'ndege ndi m'mahotela. Vuto la ntchito yotereyi n'lakuti ikangogwiridwa imakhala yafika kale m'manja mwa mwini wake. Telala wa mu msika wa Taifa akasoka diresi amaisunga mpaka mwini wake atamaliza kulipira, koma imelo imene mwayankha yapita basi, ndipo simungailande kuti muigwire ngati chikole. N'chifukwa chake chitetezo chanu chiyenera kukonzedwa ntchito isanayambe.

Ine ndinaphunzira zimenezi movutikira. Chaka china m'mwezi wa Juni, nyengo imene Mzuzu amakutidwa ndi nkhungu mpaka dzuwa litakwera, ndinapeza kasitomala wa kunja amene anali ndi kabizinesi kogulitsa zinthu pa intaneti. Anandipempha kuti ndimusonkhanitsire mayina ndi maimelo a masitolo 50 kuti aone ngati ndimaitha ntchito. Nditamaliza anandiyamikira kwambiri, n'kunena kuti sabata yoyamba ikhala yophunzira ndipo malipiro ayamba kuwerengedwa sabata yachiwiri. Sabata yachiwiri itatha anati iye amalipira pakutha pa mwezi. Ndinkakhala pa laputopu m'kachipinda kanga ku Chibavi nditafunda bulangete mpaka 11 koloko usiku, bandulo ndikugula ndi ndalama yobwereka kwa mlongo wanga, ndipo magetsi akazima masana ndinkakwera Sacramento, njinga ya kabaza ya kuno ku Mzuzu, kupita kwa mnzanga wa ku Katoto kuti ntchito ya munthuyo isaime. Tsiku la 19 m'mawa ndinapeza kuti pasiwedi ya akaunti yake yasinthidwa. Ndinamulembera pa WhatsApp, uthenga n'kungoonetsa kachizindikiro kamodzi kotuwa, chithunzi chake chitachokapo. Tsamba la Google Sheets la mayina aja, limene linali litafika pa masitolo oposa 600, silinkatsekukanso kwa ine.

Nditakhala pansi n'kufufuza pamene ndinaphonya, ndinapeza kuti panalibe tsiku limodzi limene ndinauzidwa bodza lalikulu. Tsiku lililonse ndinkangovomera kanthu kakang'ono, ndipo ngongole ikamakula m'pamenenso ndinkaopa kuima, poganiza kuti ndikasiya nditaya zonse za m'mbuyo. Makasitomala achinyengo amawadziwa bwino mantha amenewa ndipo amawadalira. Choncho lamulo limene ndimatsatira lero, limenenso malangizo onse ali m'munsimu atsamirapo, ndi ili: kasitomala asakhale nanu ndi ngongole yoposa imene mungathe kuitaya osagwa nayo. Kwa kasitomala watsopano malire anga ndi ntchito ya sabata imodzi, ndipo ikakwana ndalama isanalowe, ndimaima.

Mayeso, maphunziro ndi malonjezo a mawa

Njira imene anthuwa amaikonda kwambiri ndi ya mayeso. Si kulakwa kuti kasitomala afune kuona luso lanu asanakupatseni makiyi a imelo yake, koma mayeso enieni amasiyana ndi ntchito yobisika m'dzina la mayeso. Mayeso enieni amakhala aafupi, osapitirira ola limodzi, ndipo zotsatira zake sizingamupindulitse kasitomalayo pa bizinesi yake: angakupatseni maimelo atatu ongopeka kuti muyankhe, kapena tsamba lakale kuti mulikonze. Akakuuzani kuti musonkhanitse mayina enieni a anthu oti iye adzawagulitse malonda, kapena mulembe mauthenga a mwezi wathunthu oti aikidwe pa tsamba lake la Facebook, imeneyo ndi ntchito. Ena amachita kugawa ntchito yaikulu m'zidutswa, n'kupatsa ofunsira ntchito khumi aliyense chidutswa chake, ndipo pamapeto pake onse amauzidwa kuti sanachite bwino pamene ntchito yonse yatha. Kuti muzindikire zimenezi, funsani ngati mayesowo ndi ofanana kwa aliyense amene wafunsira ntchitoyo, ndiponso ngati zimene mulembezo zidzagwiritsidwa ntchito pa bizinesi. Wachilungamo amayankha mosazengereza.

Chida chanu pa nkhani ya mayeso ndi zitsanzo zimene mwakonzeratu. Tengani masiku awiri mukonze foda ya Google Drive yokhala ndi tsamba la manambala losanjidwa bwino, kalendala ya misonkhano ya bwana wongoyerekeza, mayankho asanu a maimelo a makasitomala okwiya, ndi zithunzi zingapo zamalonda zopangidwa pa pulogalamu yokonzera zithunzi ya Canva. Wina akapempha mayeso aatali, mumutumizire foda imeneyi kuti angoona popanda kusintha kanthu, ndipo mumuuze mwaulemu kuti ngati akufunabe kukuyesani pa ntchito yake yeniyeni, mungagwire maola atatu kapena asanu olipidwa pa mtengo wanu wa nthawi zonse. Munthu amene akukana kulipira maola atatu wakuuzani kale mmene adzachitire ndi maola 100.

Nyengo yophunzira yopanda malipiro ndi m'bale wake wa mayeso. Kuphunzira mmene bizinesi ya munthu imayendera, kuonera mavidiyo ake ofotokoza ntchito ndi kukhala nawo pa misonkhano ya pa Zoom, zonsezi zimadya nthawi yanu, bandulo yanu ndi mayunitsi a magetsi, ndipo phindu lake limapita kwa iye. Mukhoza kuvomera mtengo wotsikirapo pa sabata yoyamba ngati mukuona kuti n'koyenera, koma usakhale wopanda kanthu. Palinso amene amabwera ndi maloto: akuti bizinesi yangoyamba kumene, mukalimbikira mudzakhala manijala, kapena mudzalandira gawo la phindu zinthu zikayenda. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Gawo la phindu limene silinalembedwe, la bizinesi imene mabuku ake simuwaona, ndi fodya wa pachala.

Tisanamizane kuti zimenezi amachita ndi azungu okha. Muno momwemuno muli eni mabizinesi, akuluakulu a timabungwe ndiponso achibale amene amati, "Iwe umadziwa za kompyuta, tandikonzera kalipoti aka," kenako kalipoti kaja n'kusanduka ntchito ya miyezi itatu yolipidwa ndi lonjezo la kalata ya umboni. Apa m'pamene pamavuta kwambiri, chifukwa tinaleredwa kuti mwana satchula za ndalama pamaso pa wamkulu, koma paja manyazi anapha lambe. Kuthandiza mpingo wanu kapena amalume anu mwaulere ndi chinthu chabwino ngati mwasankha nokha ndipo mwanena pamene chithandizocho chikuthera. Chimene ndikutsutsa ndi ntchito imene inayamba ndi mawu oti mudzalipidwa.

Onetsedwani ndime musanagwire khasu

Musanavomere chilichonse, dziwani amene mukuyankhula naye. Pemphani dzina lake lonse, dzina la bizinesi, tsamba lake la pa intaneti ndi dziko limene ali, ndipo muyankhulane pa vidiyo ngakhale mphindi khumi zokha, chifukwa munthu wokana kuonetsa nkhope komanso wofuna kuti zonse zithere pa Telegram kapena WhatsApp amakhala akusamala kuti asadzapezeke. Ngati akunena kuti kampani yake ndi ya ku Britain, kaundula wa Companies House amafufuzidwa mwaulere pa intaneti, ndipo mukhoza kuona ngati kampaniyo ilipodi komanso mayina a oiyendetsa. Pa Upwork, limene ndi tsamba lopezerapo ntchito pa intaneti, onani ngati njira yake yolipirira ndi yotsimikizidwa, ndalama zimene walipirapo kale, ndi zimene ena amene anamugwirira ntchito analemba za iye. Ntchito yosavuta yolonjeza malipiro odabwitsa muiyang'ane kawiri, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Waganyu wa kumudzi sayamba kulima asanaonetsedwe ndime ndi kumvana mtengo, ndipo ngakhale wa Sacramento mumagwirizana naye musanakhale pa keliyala. Mgwirizano wanu ndi kasitomala suyenera kukhala chikalata cha masamba khumi cholembedwa ndi loya. Tsamba limodzi likukwana, ngakhale imelo imodzi imene iye wayankha kuti wavomera, malinga ngati ikunena momveka zinthu izi: ntchito zimene muzigwira, chilichonse ndi dzina lake, maola a pa sabata, mtengo wa ola kapena wa ntchito yonse, mtundu wa ndalama, tsiku lolipira, njira yotumizira ndalamayo ndi amene azilipira zodulidwa potumiza. Mulembenso kuti ntchito mudzaikonzanso kangati popanda malipiro ena, mwina kawiri, chifukwa pali makasitomala amene amabweza ntchito kasanu ndi kawiri kuti tsiku lolipira lisafike. Pa zinthu zimene mwapanga nokha, monga zithunzi ndi zolemba, onjezani chiganizo chonena kuti umwini wake udzapita kwa kasitomala akamaliza kulipira.

Nkhani ya maola ndiyofunika kuimapo, popeza ndi mpata umene ntchito yaulere imalowera mwakachetechete. Nthawi ya ku London imatsalira ya kuno ndi ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo, ndipo ya ku New York imatsalira ndi maola 6 kapena 7, kotero kuti bwana wa kumeneko akamatsekula ofesi 9 koloko m'mawa, kuno ndi 3 kapena 4 koloko madzulo, ndipo akamaweruka kuno kuli pakati pa usiku. Ngati simunalembe nthawi imene mumapezeka, adzayembekezera kuti muziyankha uthenga uliwonse ukangofika, koma n'kumakulipirani mphindi zokhazo zimene munali kulemba. Kudikira pafupi ndi foni kuyambira madzulo mpaka usiku ndi ntchito, chifukwa simungachoke kukachita zina. Lembani nthawi yanu m'maola a kwa iye ndi a kuno, ndipo ngati akufuna kuti muzikhala tcheru kunja kwa maola amenewo, mtengo wake ukhalepo.

Mtundu wa ndalama nawonso si nkhani yaing'ono. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense amene ankadikira malipiro a m'makwacha a ntchito ya miyezi yapitayo analandira ndalama yosagula zimene ikanagula pa nthawi yake. Kasitomala wa kuno amene akuchedwetsa malipiro anu amakhala akukudulani ngakhale atadzalipira zonse, choncho n'koyenera kulemba kuti ndalama ikachedwa kupitirira masiku amene mwagwirizana, padzakhala chiwonjezero. Musaope kuti kasitomala wa kunja adabwa ndi zimenezi. Ku Britain kuli lamulo la 1998 lolola bizinesi kuika chiwongoladzanja cha 8 peresenti pamwamba pa mlingo wa chiwongoladzanja wa banki yaikulu ya dzikolo, Bank of England, pa ngongole imene bizinesi inzake yachedwa kulipira. Mzinda wa New York unayamba kugwiritsa ntchito lamulo lotchedwa Freelance Isn't Free Act mu Meyi 2017, limene limafuna kuti ntchito ya madola 800 kapena kuposerapo ikhale ndi mgwirizano wolembedwa, ndiponso kuti ngati tsiku lolipira silinatchulidwe, malipiro aperekedwe pasanathe masiku 30 ntchito itatha. Anthuwa kwawo amazidziwa zolemberana, ndipo amene akukana kulemberana ndi inu akudalira kuti muli kutali.

Ndime ikakhala yolembedwa, kuwonjezera mizere kumaonekera. Munalembedwa kuti muziyankha maimelo, mawa mwapemphedwa kukonza kachithunzi, mkuja kuimbira foni anthu angongole, ndipo mwezi usanathe mukugwira ntchito ya anthu atatu pa malipiro a munthu mmodzi. Yankho lake lisakhale lokana kapena lokwiya. Kwa kasitomala wa kuno mungalembe kuti: "Bwana, ntchito imeneyi ndikhoza kuigwira bwino ndithu, koma ili kunja kwa zimene tinagwirizana pa 3 Malichi. Itenga maola anayi, ndipo mtengo wake ndi uwu. Mukavomera ndiyamba mawa, kapena mundiuze ntchito imene ndiisiye kaye kuti iyi ilowe m'malo mwake." Mawu omwewa amagwiranso ntchito m'Chingerezi, ndipo ubwino wake ndi woti chisankho chimabwerera kwa mwini ndalama.

Ndalama itsogole

Pa ntchito ya mtengo umodzi pemphani dipoziti ya theka musanayambe, ndipo theka linalo lilowe musanapereke ntchito yomalizidwa. Podikira, muonetseni ntchitoyo m'njira yoti aone koma asatenge: chithunzi chikhale ndi chidindo cha dzina lanu pamwamba, chikalata chikhale mu akaunti yanu ya Google iye atangololedwa kuwerenga, ndipo tsamba la mayina mumuonetse mizere 20 yoyambirira yokha. Kumeneku ndiko kutsanzira telala uja. Pa ntchito yopitirira, njira yabwino ndi yoti kasitomala azigula maola pasadakhale, mwachitsanzo maola 20 a sabata ikubwerayi, monga mmene tonse timagulira mayunitsi a ESCOM tisanayatse getsi. Akakana kulipiriratu, muzilipidwa sabata ndi sabata kufikira atasonyeza kwa miyezi iwiri kapena itatu kuti ndi wokhulupirika.

Masamba opezerapo ntchito ali ndi chitetezo chawo, koma chimagwira kwa amene watsatira ndondomeko. Pa Upwork, ntchito ya mtengo umodzi imagawidwa m'magawo, ndipo kasitomala amaika ndalama ya gawo lililonse kuti isungidwe ndi tsambalo ntchito isanayambe. Musayambe gawo limene ndalama yake sinaikidwe, ngakhale atalonjeza kuti aika madzulo. Mukamaliza, tumizani ntchitoyo kudzera pa batani lopemphera malipiro, chifukwa kasitomala akakhala chete masiku 14 ndalamayo imatuluka yokha, pamene mukangomutumizira pa uthenga wamba masikuwo sayamba kuwerengedwa. Pa ntchito ya maola, yatsani pulogalamu yawo yowerenga nthawi, imene imajambula sikirini yanu kamodzi pa mphindi khumi zilizonse, ndipo muzilemba chimene mukuchita, pakuti maola ongowonjezera pamanja salowa m'chitetezo chawo. Malamulo a Upwork amaletsa kasitomala kupempha ntchito yaulere, choncho wotero mukhoza kumunenera. Pa Fiverr kasitomala amalipiriratu poitanitsa ntchito, ndipo tsambalo limadula 20 peresenti, kutanthauza kuti pa madola 100 inu mumatsala ndi 80.

Kudulidwa kumeneku n'kumene wachinyengo amakunyengererani nako. Amati tichoke pa tsambali, tizilipirana mwachindunji kuti ndalama yonse ikhale yanu. Mukavomera mwataya ndalama yosungidwa ija, mwataya kodandaula, komanso mwaika akaunti yanu pachiswe, chifukwa Upwork imaletsa kulipirana kunja ndi kasitomala amene mwamupeza pa tsambalo kwa zaka ziwiri pokhapokha mutalipira ndalama imene iwo anaika. Madola 80 amene afika aposa 100 amene ali m'malonjezo.

Dziwaninso kuti chithunzi cha risiti si ndalama. Kaya malipiro akubwera kudzera ku banki, Payoneer, WorldRemit, Mukuru, Airtel Money kapena TNM Mpamba, tsekulani akaunti yanu nokha muone kuti ndalama yalowa, osadalira uthenga kapena imelo imene mwatumiziridwa, popeza zimenezi amazipeka mosavuta. Aliyense wokuuzani kuti mulipire kaye kenakake kuti malipiro anu amasulidwe, kapena kuti mugule maphunziro musanayambe ntchito, ndi wakuba. Woopsa kuposa onse ndi amene amati wakutumizirani ndalama yopitirira mwangozi ndipo mubweze yotsalayo, kapena amene akufuna kuti muzilandira ndalama mu akaunti yanu n'kumazitumiza kwa anthu ena ngati mbali ya ntchito. Kumeneko ndi kugwiritsidwa ntchito pobisa ndalama zakuba, ndipo lamulo la dziko lino la Financial Crimes Act la 2017 likadzagwira ntchito, dzina limene lidzaoneke pa akauntiyo ndi lanu.

Sungani umboni kuyambira tsiku loyamba, pamene zonse zikuyenda bwino. Werengani maola anu ndi pulogalamu ngati Clockify kapena Toggl Track, kapenanso m'kope wamba, ndipo Lachisanu lililonse tumizani imelo yaifupi yonena zimene mwachita ndi maola ake, pamodzi ndi invoisi, kalata yopemphera malipiro, yokhala ndi nambala ndi tsiku lolipira. Mukagwirizana kanthu pa foni, lembani nthawi yomweyo kuti, "Monga tagwirizana lero, ndiyamba zakuti pa mtengo wakuti," kuti mawu a pakamwa akhale ndi mboni. Pa WhatsApp zimitsani mauthenga ozimiririka okha ndipo nthawi ndi nthawi muzitumiza macheza onse ku imelo yanu. Ine ndinataya umboni wambiri chifukwa malonjezo onse anali mu akaunti ya kasitomalayo, imene anaitseka pa mphindi imodzi. Lamulo la dziko lino la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limavomereza mauthenga a pa makina ngati umboni, choncho zimene mwasungazo zili ndi mphamvu. Samalani kokha kuti mukusunga umboni wa ntchito yanu, osati kukopera zinsinsi za makasitomala a bwana wanuyo, chifukwa nkhani za anthu ena zimatetezedwa ndi Data Protection Act ya 2024.

Tsiku lolipira likadutsa

Tsiku lotsatira tumizani chikumbutso chaulemu, chifukwa anthu amaiwaladi ndipo mabanki amachedwadi. Pakatha masiku atatu popanda ndalama kapena tsiku lenileni lolonjezedwa, imitsani ntchito ndipo munene poyera kuti mwaima: "Mayi, invoisi nambala 4 ya madola 100 inayenera kulipidwa Lolemba. Ndaimitsa kaye ntchito, ndipo ndipitiriza tsiku lomwelo limene ndalama ilowe." Apa m'pamene mtima umagunda, chifukwa kasitomala amayamba kudandaula kuti mukumusiya pa nthawi yovuta, kapena amatulukira mwadzidzidzi kuti ntchito yanu inali yosakhala bwino, chikhalirecho dzulo ankaiyamikira. Maimelo a Lachisanu aja ndi amene amayankha zimenezo. Akapempha kuti mumalize kaye kantchito kamodzi kenako alipira zonse pamodzi, kanani, popeza ndi mmene ngongole ya sabata imodzi imasandukira ya mwezi. Ngati akunenadi zoona kuti ndalama zamuvuta, alipireko theka lero ndipo tsiku la theka linalo lilembedwe.

Pali zinthu zimene mkwiyo ungakuuzeni kuti muchite koma musazichite. Musafufute mafayilo ake, musasinthe pasiwedi kuti mumutsekere kunja kwa akaunti yake, musalembere makasitomala ake, ndipo musalowenso mu imelo yake atakuuzani kuti musiye. Lamulo la 2016 lija limaletsa kulowa kapena kusokoneza makina a munthu popanda chilolezo, ndipo mungasanduke woimbidwa mlandu pamene munali wodandaula. Chimene muli ndi ufulu wogwira ndi ntchito yanu imene simunaipereke ndi nthawi yanu ya mawa.

Pakatha sabata ziwiri lembani kalata yomaliza yonena kuchuluka kwa ngongole, ntchito imene inagwiridwa, tsiku lomaliza lolipira ndi kumene mukadandaule likadutsa. Ngati munapezana pa tsamba la ntchito, tsekulani dandaulo pomwepo mwamsanga, chifukwa masiku odandaulira amakhala owerengeka. Ngati kasitomala ndi wa m'dziko muno, njira zilipo zenizeni. Ngongole ya ntchito ndi mlandu umene khoti la majisitireti limamva, ndipo amene sangakwanitse loya akhoza kukafunsa thandizo ku ofesi ya Legal Aid Bureau ya muno mu Mzuzu. Gawo 31 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wolandira malipiro oyenera pa ntchito yake. Komanso Employment Act ya 2000 siyang'ana dzina lokha limene bwana wakupatsani: munthu amene amadalira bwana mmodzi pa chuma ndipo amagwira ntchito molamulidwa ngati wolembedwa, lamulolo limamuwerengera m'gulu la olembedwa ntchito. Ngati ndi mmene zinalili kwa inu, yambirani ku ofesi ya zantchito, ndipo zikakanika nkhaniyo ikhoza kupita ku khoti la milandu ya zantchito la Industrial Relations Court, limene lilinso ndi nthambi muno mu Mzuzu.

Kasitomala wa kunja amene munapangana naye mwachindunji ndi wovuta kumutsata, ndipo pa ngongole ya madola 100 kapena 200 ndalama yoyendetsera mlandu ingapose imene mukufunayo. Kalata yomaliza ija muitumizebe, ku imelo ya bizinesi yake komanso kwa mnzake woyendetsa naye kampani ngati alipo, chifukwa ena amalipira akaona kuti mukudziwa dzina la kampani ndi kumene inalembetsedwa. Dziikireni tsiku losiyira kulondola, mwina pakatha mwezi, kuti maola amene mukanapezera kasitomala wina asathere pa munthu mmodzi. Chenjezani anzanu ogwira ntchito yomweyi, pakuti chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo munthu amene wakuberani mawa akalemba mnzanu wa ku Luwinga kapena ku Mchengautuwa ndi mawu omwewo. Pochenjeza nenani zokhazo zimene mungazitsimikize, monga masiku, maola ndi ndalama imene sinalipidwe, popanda kutukwana kapena kuwonjezera, kuti musadziputire mlandu woipitsa mbiri ya munthu.

Potseka ubale ndi kasitomala wotereyu, tulukani mu akaunti zake zonse, fufutani mapasiwedi ake mu kompyuta ndi foni yanu, mumulembere kuti mwatero pa tsiku lakuti ndipo asinthe mapasiwediwo, kenako chotsani chilolezo chake pa mafayilo amene ali mu akaunti yanu ndipo sanalipiridwe. Invoisi, mgwirizano ndi macheza onse muziike mu foda imodzi yokhala ndi dzina lake ndi chaka, chifukwa ena amabweranso pakapita miyezi akasowa wowathandiza, ndipo pamenepo ngongole yakale iyenera kulowa yonse musanakambe za ntchito yatsopano.